Zimene Silas Ankayankha pa Foni

Kanyama, Lusaka
Julaye, 2020

Okondedwa akulu anga, amake Happy,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Katete ndi mphepo ya chaka chinoyi? Alamu mwendo uja unasiya kuwavuta? Nanga amayi, chifuwa chawo cha nyengo yozizira chayamba kale? Ine kuno thupi lili bwino, korona sanandipeze. Mtima wokha ndi umene suli m'malo, ndipo ndikulemba ndili wonyansidwa kwambiri.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Za pa foni zandikwana, akulu. Komanso ndimakudziwani, ndikakuimbirani mumathamangira kukweza mawu kuti amayi azimva nawo, pamene izi ndikufuna muyambe mwazimva nokha. Ndapatsira a Bornwell, kondakitala uja wa basi ya ku Chipata amene amatitengera katundu. Andilonjeza kuti ikupezani mawa dzuwa lisanalowe.

Tauni yazizira. Mabala anatsekedwa mwezi wa Malichi ndipo mpaka lero sanatsegulidwe. Azimayi amene ankachapa ndi kukolopa m'nyumba za ku mayadi anauzidwa kuti ayambe akhala kwawo, kuopa kuti angatengere mabwana matenda. Magetsi nawo amangobwera kudzatipatsa moni n'kupita. Ine mwayi wanga ndi wakuti makina anga osokera ndi opalasa ndi mapazi, ndipo ndi amene akundisunga. Ndikusoka zophimba pakamwa ndi zidutswa za chitenje n'kumagulitsa pa siteshoni ya maminibasi, poti wopanda chimenecho sakwera. Anthu amagula, amavala pokwera, basi ikangonyamuka chatsikira pachibwano.

Ufa wa thumba lalikulu palibenso amene akuuyang'ana. Tonse tikugula pamela, timapulasitiki tija ta ufa wa tsiku limodzi, ndipo nato tawonda ngakhale mtengo wake sunatsike.

Koma nkhani imene yandilembetsa ndi ya Tiza, mwana wa mlongo wathu Silas. Tiza akudwala kwambiri, ali pa mankhwala a ku kiliniki, ndipo Silas akufuna kumuchotsa m'manja mwa anesi kuti abwere naye kumudzi Loweruka lino. Akanyamuka naye ulendo umenewo, ndikuopa kuti mwana uja timutaya. Ndikudziwa kuti kumeneko mwamva kale kuti ndi tsempho. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Ntchito ya Silas ya ku bala ija inatha tsiku lomwe anatseka. Kumudzi simunauzidwe, ndipo nanenso anandinamiza kuti abwana ake akumupatsabe theka la malipiro. Sanapatsidwe kalikonse. M'mawa uliwonse amavala malaya ake oyera aja ositasita, n'kuyenda pansi mpaka ku msika wa Soweto kukapempha kukankha wilibala. Malayawo amakavulira komweko n'kuwapinda m'chikwama, madzulo n'kuvalanso kuti a m'komboni aziti wachokera ku ntchito. Masiku ena amapeza ya pamela mmodzi, masiku ena amabwerera chimanjamanja. Zonsezi ndazidziwa posachedwa. Ndi korona uyu tinasiya kuyenderana, ndipo ndikadutsako, mkazi wake Gloria ankandilandirira pakhomo, mwana ali kumbuyo m'chitenje, n'kumati angomaliza kumene kudya.

Matendawa atangoyamba, sikelo ya ana inafa. Azimayi ankaopa kukaunjikana ku kiliniki, ndipo aja ankayenda khomo ndi khomo kuona ana analetsedwa. Ndiye kunabwera bungwe lina logwira ntchito ndi a zaumoyo. Ankati akufuna azidziwa msanga kumene njala yayamba kuluma, ana asanafike poipa. Nzeru yawo inali ya foni. Anatenga manambala a mabanja amene ali ndi ana aang'ono, n'kugawa tepi ya mitundu itatu yoyezera mkono wa mwana. Ikaima pobiriwira ndiye kuti ali bwino, pachikasu wayamba kutsika, pofiira thamangirani kuchipatala. Kenaka ankaimba pafupipafupi kufunsa kuti dzulo mwadya kangati, mwana wadya chiyani, tepi yaima pati, ufa mukugula bwanji. Kumene mayankho aipa, ankatumizako galimoto ya ufa wa phala la soya.

Kumva kokha, nzeruyi ndi yabwino, sindingaitsutse. Koma polemba manambala ankafunsa ya mutu wa banja. Ku nyumba ya Silas foni inatsala imodzi, ya Gloria atagulitsa mu Epulo. Ndiye amene ankayankha za chakudya cha Tiza ndi munthu amene amachoka mwana asanadzuke n'kubwera mwana atagona.

Lamulungu lina kumayambiriro kwa mwezi uno ndinapita kwa Silas kukawasiyira tinsomba ta kapenta pang'ono. Ndinapeza Gloria akuchapa panja, Tiza atamukhazika pa thumba. Mwana wa chaka ndi theka, amene pa Khirisimasi ankagwetsa makapu m'nyumba ya amayi, anangokhala phee, osalira, osaseka, osandiyang'ana n'komwe. Anali atavala chisoti chaubweya, juzi ndi timadiresi tiwiri. Nditamunyamula ndinamva kuti wanyowetsa, ndipo ndinati ndikamusinthe. Gloria anadzambatuka, thovu lili m'manja, akuti kukuzizira, amusintha yekha nthawi ina. Apo ndi pamene ndinakayikira. Ndinalowa naye m'nyumba.

Akulu, zimene ndinaona sindikufuna kudzazionanso. Pansi pa zovala zonse zija munalibe mwana. Timikono ngati mapesi ouma, nthiti zonse pamtunda, khungu la m'matako litakwinyika. Mapazi ndi masaya okha ndiwo anali onenepa, ndipo nditadina paphazi ndi chala panatsala kadzenje kosabwerera. Tsitsi pansi pa chisoti linali lofiirira, likuthothoka.

Mukukumbukira mkuzi uja amayi anamumanga m'chiuno kuti tizionerapo ngati mwana akukula? Unali wothina bwinobwino, koma unali ndi mfundo zitatu zatsopano. Gloria anaulula akulira kuti mkuziwo ukayamba kutsetsereka ankaufupikitsa, kuti azimayi a pampopi asaone akamamusambitsa. Chingwe chimene makolo anatisiyira kuti chizitichenjeza, iye ankachikonza kuti chizinama. Tepi ya bungwe ija ndinaipeza atamangira katani wa pawindo. Ndinaimasula n'kuyeza ndekha, ndipo inaima pofiira.

Ndinamufunsa kuti mwana akudya chiyani. Anati chiyambire Epulo amaphika kamodzi, madzulo. Masana Tiza amamwa zigolo, madzi a shuga aja, ndipo shuga akasowa amamwa phala lamadzimadzi lopanda nsinjiro, lopanda kanthu. Bere linauma kalekale, poti mayi ake nayenso sakudya. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze ine, mlamu wake, wokhala komboni imodzi. Anati Silas analetsa, akuti za m'nyumba zisatuluke. Ndinamukalipira, akulu, sindinamusiye. Pambuyo pake ndi pamene ndinayang'ana mikono yake yomwe, ndipo ndinatseka pakamwa.

Ndinamubereka mwana kuti tipite ku kiliniki nthawi yomweyo. Gloria anati Lamulungu masana ndi nthawi imene a bungwe amakonda kuimba, ndipo potuluka tinapezadi Silas ali pa foni. Anali atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ndi anzake, akusewera drafuti, mwendo pamwamba pa unzake, mawu atawakonza ngati akulandira kasitomala. Ndinaima kumbuyo kwake n'kumva ndi makutu angawa.

"Tili che bwino, madamu," anatero, akuyankha za chakudya cha dzulo lake. "Mailo tinadya katatu. Mwana anadya poliji ya miliki, na kankuku pa sapa. Tepi ili pa girini, monga lasiti taimu."

Anzake aja ankagwedeza mitu, mwina nawonso amayankha chimodzimodzi akaimbiridwa. Ndinamulanda foni, sindinapemphe. Kumbali inayo kunali mtsikana wa mawu aulemu, akuthokoza kale kuti adule. Ndinamuuza kuti asathokoze, zonse zimene walemba afafanize. Ndinati ine ndine azakhali a mwanayu, ndamubereka pano, mapazi atupa, tepi ili pofiira, ndipo nkhuku inalowa komaliza m'nyumba imeneyi chaka chatha. Kenaka anandifunsa kuti tili pafupi ndi kiliniki iti, n'kunena kuti tinyamuke pompo, aimbira munthu wawo atidikire pa geti.

Silas anaimirira nkhope itagwa. Anzake anaweramira pa bolodi ngati masewera afika povuta. Iye sanatiperekeze.

Tiza anamugoneka masiku angapo. Anesi anati ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi, kwafika poopsa, ndipo tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Anayamba kumupatsa mkaka wapadera pang'onopang'ono, chifukwa akuti mimba ya mwana wotere singalandire chakudya chambiri mwadzidzidzi. M'chipindamo sitinali tokha. Bedi lililonse linali ndi mwana wa tsitsi lofiirira, ndipo mayi aliyense anabwera naye atamukutira m'majuzi monga anachitira Gloria. Silas anabwera kamodzi. Anaima pawindo, chophimba pakamwa chili kumaso, anapatsira mlonda kabanzi kamodzi kuti atipatse, n'kubwerera osalowa.

Kutupa kutatsika anatitulutsa ndi timapaketi ta chiponde cha mankhwala. Sabata iliyonse tiyenera kupita naye kukamuyeza ndi kukatenga tina, mpaka mkono utabwerera pobiriwira. Anatichenjeza kuti mwana akadumphitsa amabwerera m'mbuyo msanga, ndipo ulendo wachiwiri ambiri sadzuka. Gloria ndi mwana ndawatengera kwanga. Tikugona atatu m'chipinda changa chija, makina ndawakankhira kukhoma. Alandilodi anayamba kung'ung'udza za madzi ndi chimbudzi, koma nditawaonetsa timikono ta Tiza anasiya.

Amene anatidikira pa geti tsiku lija ndi a Musonda, mayi wodzipereka wa zaumoyo m'dera lathu, amene kale ankayenda ndi sikelo m'makomo. Ndinawakhuthulira mkwiyo wanga wonse. Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha, kenaka anandiuza zimene zinandinyansa kuposa poyamba. Akuti dera lathu lonse, kuyambira pa msika mpaka ku ngalande yaikulu, makompyuta a bungwe ankalionetsa kuti lili bwino, ndipo galimoto ya phala inkapita kwina. Manambala ambiri anali a azibambo, ndipo azibambo amayankhira pa anzawo, ku siteshoni kapena pa kantemba kogulitsira zinthu. Ena ankadula foni poganiza kuti munthu wosamudziwa wofunsa za ana ako ndi wa za usatana. Ena mafoni ankakhala ozima chifukwa cha magetsi. Ndipo amene njala inawapweteka kwambiri anagulitsa mafoni kalekale, choncho sanawerengedwe n'komwe. Okhuta ndi onama ndi amene anatiyankhira tonse.

Ndinawafunsa ngati ku bungweko kulibe ngakhale mmodzi amene ali ndi mlongo kapena mwamuna, woti n'kudziwa kuti bambo sanganene kuti kwake kulibe ufa anzake akumva. A Musonda sanadziteteze. Anati manambalawo analemba ndi iwo omwe, mwamuna ali naye, koma sanaganizeko. Tsopano asintha. Ayambanso kuyenda m'makomo, ataphimba pakamwa, amaima patali pang'ono, mayi n'kuyeza mwana iwo akuona. Akutenga manambala a azimayi, ndipo kumene kulibe foni amalemba ya mnansi. Mumzere wa nyumba za kwa Silas mokha apezamo ana ena otupa. Foni yanga tsopano ikuyankhira makomo onse a pa puloti pathu. Akaimba ndimawauza adikire, ndimayenda nayo n'kukaiika pakhutu pa mayi mwini wake, azibambo ali kutali.

Ndinkaganiza kuti zoipa zathera pamenepo. Kenaka Lachisanu lapitali a Bornwell anandiimbira kuti pali katoni yochokera kwa amayi. Ndinakaitenga ku siteshoni ya mabasi aakulu, n'kuisenza mpaka kunyumba. Gloria ataiona anamwetulira koyamba chibwerere kwanga. Tinamva kuti chaka chino mwakolola bwino, ndiye iye ankati muli mtedza, mwina ndi nyemba, nayenso adye apeze mphamvu. Tinadula chingwe. Munali mizu, akulu. Mizu, makungwa ndi kabotolo ka phulusa lakuda. Ngakhale kambale ka mtedza munalibe. Uthenga umene a Bornwell anapatsidwa pakamwa unali woti mwanayo anasemphedwa, asabayidwenso jakisoni chifukwa jakisoni imapha mwana wa tsempho, ndipo Silas abwere naye pamodzi ndi mkazi wake adzakonze zinthu.

Ndinakwiya nawo amayi, ndisakubisireni. Ndinati nkhokwe yadzaza mpaka kudenga, mdzukulu akufa ndi njala, iwo akulipira basi kuti inyamule mitengo. Koma mtima utatsika ndinadzifunsa kuti za tsempho azitenga kuti, poti mwanayo sanamuone. Mukudziwa mmene kwathu timanenera, kuti mwana akawonda n'kutupa mapazi ndiye kuti bambo ake anayenda ndi mkazi wina n'kudzamugwira. Komabe amayi athu sangatumize mankhwala otere popanda wina kuvomera mlandu.

Gloria ndiye anandiuza. Tiza ali m'chipatala, mzimayi wina wa kwathu amene amabweretsa tomato ku Soweto anafikitsa mbiri kumudzi kuti mwana wa Silas watupa. Amayi anamuimbira Silas kumufunsa. Tsiku limenelo Gloria anali atapita kunyumba kukatenga zovala zosinthira, ndipo anamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Mlongo wathu anavomera kwa amayi kuti analakwa, anagona ndi mkazi wina wa ku bala.

Pondiuza zimenezi Gloria sanalire. Anaseka kuseka koipa. Anati mkazi wake uti, womupatsa chiyani? Munthu amene amabwera mapazi atang'ambika n'kugona pampando nsapato zili kuphazi? Anati zaka zonse za ku bala zija mwamuna wake ankabwera molunjika kunyumba, ndipo iye amamudziwa kuposa mmene amayi amamudziwira.

Tsiku lotsatira ndinamulondola Silas ku Soweto. Ndinamupeza pakati pa matumba a kabichi, atavala kasikipa kong'ambika, fumbi mpaka m'nsidze. Ndinamukokera pambali n'kumufunsa dzina la mkaziyo. Anatchula dzina lina. Ndinakamba zina, nditafunsanso anatchula lina. Ndinamukumbutsa kuti ndinamubereka kumbuyo ali khanda, asandinamize. Pamenepo anakhala pa wilibala n'kugwira mutu.

"Ba sisi, mufuna nibauze chani bamai?" anatero. "Ati nakangiwa kudyesa kamwana kamozi? Ine wamene ninabapelekela shuga na vitenge pa Khirisimasi? Bakambe che ati ndine wachigololo. Mwamuna aliyense amalakwa, bantu baseka, vasila. Manje njala, ba sisi, bazanikumbukila nayo mpaka kumanda."

Akulu, taganizani. Munthu wasankha kudzipaka chigololo chimene sanachite, kuchititsa manyazi mkazi wake pamaso pa apongozi, kusiyana ndi kutchula mawu amodzi akuti njala. Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti za anthu akwathu sananame. Mwamuna wachigololo timamulipiritsa nkhuku, timamuseka, pakapita mwezi taiwala. Wolephera kudyetsa banja timamuloza chala mpaka ana ake atakula. Ife tomwe, ine ndi inu, takhala pa mtondo n'kumaseka amuna a anzathu amene anabwerako ku tauni opanda kanthu, Silas ali pomwepo akumva.

Ndinamuuza aimbire amayi pompo abweze mawu ake. Anakana. Akuti amayi alamula kale, ndipo sangawatsutse popanda kuulula zonse. Akutinso kumudzi kuli chakudya, mwana akadya kumeneko popanda iye kupempha. Ndamva mmene akuganizira, koma ndi maganizo a munthu amene anangoima pawindo la chipatala. Tiza sanafike podya zimene timadya ife. Silas wagwirizana ndi mnzake wa lole yobwerera ku Chipata yopanda katundu. Taganizani tsiku lathunthu pamwamba pa lole m'mphepo ino, kenaka madzi a mizu m'mimba imene ikungoyamba kugwira, chiponde chitatha, sikelo ili kutali. Amenewo ndi maliro. Wanditumizira uthenga kuti Loweruka m'mawa adzatenga banja lake. Gloria akuti sakwera lole imeneyo, koma makolo ake anamwalira, alibe womuimira, ndipo Silas akadzaima pakhomo n'kutchula dzina la amayi ndikuopa kuti angagonje.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangokupezani pitani kwa amayi, mukakhale awiri, alamu asakhalepo, ngakhale azakhali. Muwauze zonse monga ndalemberamu, osachepetsa, osakometsa monga mumachitira inu mukaona kuti amayi ayamba kupukuta maso. Mawu akuti njala muwatchule momveka. Muwauze kuti mwana wawo ntchito inatha, akukankha wilibala, ndipo mdzukulu wawo wakhala akumwa madzi a shuga. Kenaka muwaike foni m'manja amuimbire Silas lisanafike Loweruka, amuuze ndi pakamwa pawo kuti amusiye mwana pa mankhwala. Ine sandimvera, inunso sangakumvereni, koma amayi akanena amagonja. Mizu ija ndabweza pamodzi ndi kalatayi, sindinataye ngakhale umodzi. Ngati akufuna kuchiritsa mdzukulu wawo atsegule nkhokwe. A Bornwell avomera kutitengera chimanga ndi mtedza pobwerera.

Powauza musamunyoze Silas. Ndamunyoza kale ine mokwanira, ndipo mpaka pano sindikufuna kumuona, koma ndinaona mapewa ake mmene anasupukira ndi matumba aja. Amayi amuuze kuti sadzamuseka chifukwa chosowa. Mawu amenewo sanawamvepo kwa munthu aliyense wa kwathu.

Chimene ndikuopa n'chakuti amayi nawonso angasankhe bodza lija, poti akhala akuuza mudzi wonse kuti mwana wawo ali pa ntchito yabwino ku Lusaka. Zikatero mundidziwitse msanga. Loweruka sindipita kukagulitsa. Ndikhala pakhomo panga ndi a Musonda, chitseko chili chokhoma, ndipo Silas akafuna mwana adzayambe wandichotsapo ine anthu onse a pa puloti akuona. Mwina ubale wathu uthera pomwepo. Ndalolera.

Tiza lero wamaliza paketi yake yonse ya chiponde. Wayamba kulira akafuna kanthu, ndipo anesi akuti kulirako ndi chizindikiro chabwino. Kuyenda sanayambirenso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Happy ndi azing'ono ake, muwauze azisamba m'manja ngakhale akuti kumudzi korona safika. Moni kwa azakhali, kwa amalume a Abraham ndi banja lawo lonse, ndi kwa amayi a mumpingo amene amandifunsa. Amayi muwapatse moni wanga mukamaliza kuwauza, osati musanayambe. Silas sanapereke moni, poti sitikulankhulana.

Gloria wakhala pambali panga pamene ndimalemba, ndipo ndamuwerengera zonse. Ndamufunsa ngati pali choti ndichotse. Wati ayi, koma ndiwonjezere chimodzi. Akuti muwauze amayi kuti za chimanga achite mmene angafunire, koma adziwe kuti mwana wawo sanagonepo ndi mkazi wina. Akuti wailesi inagulitsidwa, mbale za ukwati wawo zinagulitsidwa, bulangeti lachiwiri linagulitsidwa, ndipo iye sanadandaule, chifukwa ankati m'nyumba mwake mwatsala chinthu chimodzi chimene akazi anzake ambiri alibe, mbiri ya mwamuna wokhulupirika. Akuti chimenecho sichinali cha Silas yekha kuti achipereke, ndipo akufuna amubwezere amayi akumva.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu,
Tionge